Zilembo za pa Chigubu: Mbiri ya Oyilo ndi Madzi a Thirakitala

Mlimi amene walowa m'sitolo ya zitsulo za galimoto kukagula oyilo wa kathirakitala kake amakumana ndi chinenero chachilendo. Pa chigubu china palembedwa 15W-40 CI-4, pa china SAE 40 CF, pa chinanso 10W-30 CK-4. M'munsi mwake mwandandalikidwa mabotolo a madzi obiriwira, ofiira ndi achikasu, olembedwa kuti amateteza injini ku chisanu choumitsa madzi, chisanu chimene mlimi wa ku Nsanje sanachionepo chibadwire. Wogulitsa amaloza chigubu chotsika mtengo. Mnzake amene wamuperekeza amamunong'oneza kuti oyilo ndi oyilo basi, ndipo madzi a pamjigo ndi aulere.

Koma zilembo zija sizinalembedwe pongokometsera malonda. Chilichonse mwa izo chinabadwa injini ina itafa: ina itamatana maring'i ndi mwaye, ina itadyedwa ndi asidi, ina itang'aluka ndi madzi oundana usiku umodzi, ina itabooka ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe. Amisiri ankatsegula mitemboyo, kupeza chimene chaipha, n'kuika lamulo latsopano. Chigubu cha oyilo chasenza mbiri ya zaka zoposa 150, ndipo woidziwa mbiriyo savutika posankha.

Nsatsi, mafuta a nyama ndi mafuta a pansi

Injini zoyamba, zoyendera nthunzi, zinkadzozedwa ndi zimene mlimi aliyense amazidziwa: mafuta a ng'ombe, a nkhumba, a anamgumi a m'nyanja zikuluzikulu, ndi a mbewu monga nsatsi. Mafuta a ng'ombe ankaterera bwino, koma akakumana ndi nthunzi yotentha kwambiri ankasasa n'kusanduka asidi wodya chitsulo chomwe anayenera kuchiteteza.

Zinthu zinasintha Edwin Drake atakumba chitsime cha mafuta a pansi ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, mu 1859. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri, mu 1866, dokotala wina dzina lake John Ellis, amene ankafufuza ngati mafutawo angakhale mankhwala ochizira anthu, anapeza kuti ntchito yawo yeniyeni ndi kudzoza mavavu a injini za nthunzi. Sankasasa ngakhale patenthe. Kampani yake ndiyo inadzatchuka ndi dzina la Valvoline.

Nsatsi sizinagonje msanga. Mafuta omwewa amene agogo athu ankayenga pophika nsatsi zosinja, n'kumadzola m'thupi ndi m'mutu, ali ndi khalidwe losowa: amakakamira pachitsulo chotentha osathawa. Charles Wakefield, amene anatsegula kampani yake ku London mu 1899, anayamba kuwasakaniza mu oyilo wa galimoto ndi ndege, ndipo mu 1909 oyiloyo anapatsidwa dzina la Castrol, lochokera ku dzina lachingerezi la nsatsi. Ndege zambiri za pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse zinauluka ndi mafuta a nsatsi m'mimba. Vuto lake linali lakuti akakhalitsa m'injini ankauma ngati ulimbo. Ndege ikatera amisiri ankaitsuka. Thirakitala, imene imatha mwezi wathunthu m'munda, inalibe mwayi woterewu. Choncho alimi anatsamira pa mafuta a pansi.

Masiku amenewo munthu ankagula oyilo potchula kuti wopepuka, wapakati kapena wolemera. Koma wolemera wa kampani iyi ankakhala wapakati wa kampani iyo. Mu 1911 bungwe la akatswiri a za galimoto ku America, SAE, linayamba kuika oyilo m'magulu, ndipo m'zaka za m'ma 1920 manambala odziwika aja, 20, 30, 40, 50, anakhazikika. Nambala imangonena chinthu chimodzi: kulimba kwa oyilo, monga mmene phala lamadzimadzi limasiyanirana ndi phala logwira. Sinena ngati oyiloyo ndi wabwino. Zimenezo zinadikira kuti dizilo afike m'munda.

Dizilo abwera ndi mwaye wake

Injini ya Rudolf Diesel inayenda bwino koyamba ku Augsburg, ku Germany, mu 1897. Ilibe mapulagi. Imapanikiza mpweya m'silinda mpaka kutentha kupitirira madigiri 500, ndipo mafuta akangopoperedwamo amayaka okha. Kupanikiza kotereku kumapereka mphamvu yokoka khasu, komanso kumakankhira mwaye ndi utsi m'mbali mwa pisitoni mpaka kukagwera mu oyilo. Dizilo wa masiku amenewo anali ndi sulufule wambiri, ndipo sulufule akapsa n'kukumana ndi chinyontho amasanduka asidi.

Kampani ya Caterpillar inaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu 1931 inatulutsa thirakitala yake yoyamba ya dizilo, Diesel Sixty. Alimi anaikonda chifukwa inkamwa mafuta ochepa ndiponso otsika mtengo. Koma sipanapite nthawi, madandaulo anayamba kufika: maring'i a pisitoni ankamatirira m'ngalande zawo chifukwa cha phula la oyilo wopserera, injini n'kuyamba kufuka, kumwa oyilo ndi kufooka. Makaniko ankamasula injini, kupala mwayewo, kumanganso, ndipo posakhalitsa matenda ankabwerera. Tsogolo lonse la thirakitala ya dizilo linali pa chiswe.

Caterpillar inagwirizana ndi kampani ya mafuta ya Standard Oil of California, ndipo mu 1935 panatuluka oyilo wotchedwa Delo, wothiridwa mankhwala otsuka. Ntchito ya mankhwalawo inali kuletsa litsiro kumatirira pachitsulo. Kuchokera pamenepo oyilo wa dizilo anasiya kukhala mafuta wamba, anakhala msanganizo. M'zaka za m'ma 1940 munalowa mankhwala a zinki ndi fosifolasi amene amayala kachikopa kopyapyala pamalo pamene zitsulo zimakhudzana mwamphamvu. Kenako munalowa omwaza mwaye kuti uziyandama mu oyilo osaundana, ena opha asidi, ena oletsa thovu.

Apa m'pamene pagona yankho la funso limene limasautsa eni mathirakitala ambiri: bwanji oyilo wathiridwa dzana wada kale bii? Oyilo wa dizilo amada msanga chifukwa akugwira ntchito yake. Mwaye umene wanyamula ukanakhala utamata pa maring'i.

Tsono panafunika njira yoti wogula adziwe zimene zili m'chigubu. Mu 1947 bungwe la makampani a mafuta ku America, API, linagawa oyilo patatu: wamba, wapamwamba ndi wa ntchito yolemetsa. Magawowa anakonzedwanso mu 1952, ndipo mu 1970 panabwera dongosolo limene likugwirabe ntchito lero. Chilembo S chimatsogolera oyilo wa injini za petulo, C wa injini za dizilo. Chilembo chachiwiri chimakwera ndi zaka: CF-4 mu 1990, CG-4 mu 1995, CH-4 mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 mu 2016. Kuti oyilo avale zilembozi amayesedwa m'mainjini enieni kwa maola mazanamazana, kenako mapisitoni amatulutsidwa n'kuunikidwa. Ena mwa mayesowo akuchitikabe pa injini za Caterpillar, kampani yomwe inayamba kulira ija.

Thirakitala ichepa

Pamene Amereka ankalimbana ndi zimphona zokwawa ngati Diesel Sixty, ena ankafunafuna injini yoti mlimi wa maekala ochepa angaikwanitse. Ku Japan, Magokichi Yamaoka, mwana wa mlimi ndiponso woyambitsa kampani ya Yanmar, anamaliza kainjini ka dizilo kotchedwa HB pa 23 Disembala 1933. Kanali ka silinda imodzi yogona, ka mahosipawa asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo kamadziwika ngati injini yaing'ono ya dizilo yoyamba kuchita bwino pamsika. Ku Peterborough, ku England, Frank Perkins ndi Charles Chapman anali atatsegula kampani yawo chaka chimodzi m'mbuyomo, mu 1932, ndi cholinga chopanga injini za dizilo zopepuka ndi zothamanga.

Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1946, fakitale ya ku Banner Lane mumzinda wa Coventry inayamba kutulutsa kathirakitala kotuwa ka Harry Ferguson, TE20. Pofika 1956 anali atapanga oposa theka la miliyoni, ndipo kuyambira 1951 ena mwa iwo anali a dizilo. Kampani ya Massey Ferguson inagula Perkins mu 1959, ndipo mu 1964 inatulutsa MF 135, ya injini ya Perkins ya masilinda atatu. Imeneyi ndi thirakitala yofiira ija imene inalima m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, ndi m'mafamu a ku Zambia ndi Zimbabwe. Zina zikukokabe ngolo mpaka lero, zitapitirira zaka 50. Nayo Kubota, kampani ya ku Osaka imene inayamba ngati yosula zitsulo mu 1890, inapanga thirakitala yake yoyamba mu 1960, ndipo mu 1969 inatumiza ku America kathirakitala ka mahosipawa 21, L200. Msika wa mathirakitala ang'onoang'ono a dizilo unatseguka kuyambira pamenepo.

Injini yaing'ono ili ndi zovuta zakezake. Imazungulira mofulumira, mipata ya pakati pa zitsulo zake ndi yochepa, ndipo sampu yake imangolowa malita ochepa, kotero oyilo wochepa yemweyo ndiye amasenza mwaye wonse ndi kutentha konse. Kumaiko ozizira mlimi ankasunga zigubu ziwiri, SAE 30 wa chilimwe ndi wopepuka wa nthawi yachisanu, chifukwa oyilo wolimba m'mawa wozizira amakana kuyenda, ndipo injini imazungulira youma kwa kanthawi. Kudyeka kwambiri kwa injini kumachitika nthawi imeneyi, poliza.

M'zaka za m'ma 1950 akatswiri anapeza mankhwala amene amaletsa oyilo kusungunuka kwambiri akatentha. Oyilo mmodzi anatha kukhala wopepuka m'mawa ndi wogwira masana. Ndiye tanthauzo la manambala awiri aja. Mu 15W-40, nambala yoyamba ndi chilembo W, choimira nyengo yachisanu, zimanena mmene oyilo amayendera kukazizira. 40 imanena kulimba kwake pa madigiri 100. Oyilo ameneyu ndiye anadzakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku cha mainjini a dizilo m'maiko otentha, pomwe opanga mathirakitala ang'onoang'ono a ku Japan kawirikawiri amalola 15W-40 kapena 10W-30 malinga ndi nyengo.

Namgumi m'giyabokosi

Thirakitala ili ndi mimba ziwiri. Kuwonjezera pa injini, kumbuyo kuli chipinda cha magiya chimene oyilo wake amanyamulanso khasu kudzera m'pampu, ndipo m'mathirakitala ambiri atsopano mabuleki amasambira momwemo. Oyilo wa kumeneko ayenera kuterera mokwanira kuteteza magiya, koma osaterera mopitirira mpaka mabuleki kulephera kugwira kapena kuyamba kulira.

Kampani ya John Deere inali ndi oyilo wotere wodziwika ndi nambala 303, ndipo chimodzi mwa zosakaniza zake chinali mafuta a namgumi. Dziko la America litaletsa malonda a mafutawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pofuna kupulumutsa anamgumi amene ankatha, kampaniyo inasiya muyezo wa 303 mu 1974 n'kuika wina. Koma nambalayo inakhalabe m'mitu ya alimi, ndipo kwa zaka makumi anayi amalonda ena anapitiriza kugulitsa ndowa zotsika mtengo zolembedwa 303, ngakhale kuti panalibenso muyezo woziyesera. Mu 2017 chigawo cha Missouri chinaletsa malondawo chitapima n'kupeza kuti zambiri sizinkakwanira pa muyezo uliwonse wa makono.

Ku Ulaya anayesa kufewetsa moyo wa mlimi ndi oyilo wotchedwa STOU, mmodzi wolowa m'injini ndi m'magiya momwe. Palinso UTTO, wa magiya ndi mabuleki okha, amene sayenera kulowa m'injini. Mayinawa amafanana, ndipo zigubu ziwirizi zikasokonekera m'shedi, injini ndiyo imalipira.

Mphika pamwamba pa silinda

Mbiri ya madzi inayamba mophweka kuposa ya oyilo. Pa mphamvu yonse imene ili mu dizilo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndilo limakoka khasu; lina limatuluka ndi utsi, lina liyenera kuchotsedwa ndi madzi. Njira yakale inali kuika mphika wosavundikira pamwamba pa silinda. Madzi ankawira, nthunzi n'kumapita ndi kutentha, ndipo woyendetsa ankangowonjezera ndi ndowa. Lanz Bulldog yoyamba, imene inatuluka ku Mannheim mu 1921, inkazizira motero. Inali ya silinda imodzi, ndipo poiliza ankayamba aotcha mutu wake ndi nyali ya moto mpaka kufiira.

Njira imeneyi sinafe. Aliyense amene anaimapo pamzere kuchigayo cha dizilo kumudzi anaiona: injini ya ku China ya silinda imodzi yogona, nthunzi ikutuluka pamwamba, kapena mgolo wa madzi utaimikidwa pambali ndi mapaipi awiri, monga zinkakhalira ndi injini za Lister zochokera ku Dursley. Mathirakitala a matayala awiri a m'madimba a mpunga ambiri amayendera injini zomwezi. Apa coolant, madzi a utoto a m'mabotolo aja, alibe ntchito kwenikweni, popeza madzi amauluka tsiku lililonse. Chofunika ndi madzi oyera opanda mchere, ndipo a mvula osefa bwino amaposa a pamjigo.

Radiyeta itabwera, madzi anayamba kuzungulira osatayika. Poyamba ankayenda okha, otentha kukwera, ozizira kutsika. Kenako panabwera pampu, fani, ndi themositati ya phula imene Sergius Vernet anaitulukira m'zaka za m'ma 1930. Panabweranso chivundikiro cha sipuling'i chosunga mphamvu ya nthunzi m'kati, chimene chimachititsa madzi kuwira mochedwa.

Koma kumaiko a chisanu madzi otsekeredwa anali mdani. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo mphamvu yake imang'amba chitsulo cha injini. Alimi ankatsegula mpopi madzulo aliwonse kukhetsa madzi, m'mawa n'kuthira ofunda a m'ketulo. Woiwala usiku umodzi ankadzuka wopanda thirakitala. Ena ankathiramo sipiriti, koma wa mtundu wa methanol amawira pa madigiri 65 okha, kotero ankauluka injini ikatentha. Ena anayesa gilisalini, uchi, ngakhale parafini.

Mpulumutsi anali atakhala kale m'mabuku a akatswiri. Charles-Adolphe Wurtz wa ku France anapanga ethylene glycol m'zaka za m'ma 1850, koma panapita zaka pafupifupi 70 asanapangidwe wambiri. Mu 1927 anafika m'masitolo a ku America ndi dzina la Prestone, ndipo ankamutcha wokhalitsa chifukwa sankauluka. Payekha glycol amaundana pa madigiri pafupifupi 13 pansi pa ziro, koma akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi amapirira mpaka cha m'ma 37 pansi pa ziro. Mmene mathirakitala atatu a Ferguson, a petulo, ankafika kumathero a dziko a kummwera ndi Edmund Hillary pa 4 Januwale 1958, chisanu chinali chitasiya kukhala malire a thirakitala.

Ajeremani ena anangoganiza zothana nawo madziwo. Kampani ya Deutz ya ku Cologne inayamba kupanga injini za dizilo zozizira ndi mphepo mu 1944, ndipo pofika 1950 inaziika m'mathirakitala. Kunalibe radiyeta yodontha kapena madzi oundana. Ntchito inali kungochotsa fumbi ndi zinyalala m'zipsepse za silinda. Pambuyo pake malamulo a phokoso ndi utsi anabwezera opanga ambiri ku madzi.

Thovu loboola chitsulo

Glycol anathetsa vuto limodzi n'kuulula ena. Akakalamba m'kutentha nayenso amasasa. M'njira ya madzi muli zitsulo zosiyanasiyana, chitsulo cha injini, mkuwa wa radiyeta, mtovu wowotcherera, aluminiyamu, ndipo zikakhala m'madzi amodzi zimadyana. Choncho m'botolo munayamba kulowa mankhwala oletsa dzimbiri, monga silicate, phosphate ndi borate. Amenewa ndiwo coolant wobiriwira wakale, ndipo popeza amatha mphamvu, lamulo linali kusintha pa zaka ziwiri zilizonse.

Injini za dizilo zinali ndi nthenda ina yodabwitsa. Zambiri zili ndi masilivu, timigolo tachitsulo tolowetsa m'injini momwe pisitoni imayendamo, ndipo m'mainjini ena kunja kwa silivu kumakhudzana ndi madzi mwachindunji. Amakaniko ankatulutsa masilivu otere n'kupeza mbali imodzi ili zibowo zokhazokha, zina zitapyoza mpaka madzi kulowa mu oyilo. Silinali dzimbiri. Dizilo akaphulika, silivu imanjenjemera ngati belu. Khoma lake likathawa, m'madzi mumabadwa tithovu tating'onoting'ono, ndipo likabwerera tithovuto timaphulikira pachitsulo ndi mphamvu yogomola kachidutswa. Zikachitika kamamiliyoni, chitsulo chimabooka. Mankhwala ake anapezeka kuti ndi nitrite, amene amayala khungu pasilivu loti thovu lizidya m'malo mwa chitsulo. Ichi ndi chifukwa chake coolant wa galimoto yaing'ono si nthawi zonse amakwanira injini ya dizilo. Koma si thirakitala iliyonse imene ili pangoziyi: injini ya Perkins ya MF 135 ili ndi masilivu ouma osakhudza madzi, pomwe ya petulo ya TE20 inali ndi onyowa. Mwini thirakitala ayenera kudziwa kuti yake ili mbali iti.

Mu 1995 kampani ya General Motors inayamba kugwiritsa ntchito coolant wofiirira wotchedwa Dex-Cool, wa mankhwala a mtundu watsopano okhala zaka zisanu. Kuchokera pamenepo mitundu inachuluka. Opanga a ku Ulaya amapewa phosphate chifukwa madzi a kwawo ali ndi laimu wambiri ndipo ziwirizi zikakumana zimasiya nsenga. A ku Japan amakonda phosphate koma amapewa silicate poopa kuti amadya masilu a pampu. Kampani iliyonse inasankha utoto wake popanda lamulo lowamanga onse, kotero lero mabotolo awiri obiriwira akhoza kukhala osiyana kotheratu, ndipo kusakaniza mitundu kumafooketsa chitetezo cha yonse iwiri. Utoto umathandiza kuona pamene pakudontha. Zoona zake zili m'mawu ang'onoang'ono a kuseri kwa botolo.

Kumene madzi saundana

Dzina lina lachingerezi la coolant, limene limangonena za kuletsa kuundana, lasocheretsa ambiri kuno. Kupatula pamwamba pa Nyika ndi pa Mulanje m'miyezi ya Juni ndi Julaye, madzi saundana m'Malawi, ndiye anthu amati coolant n'kutaya ndalama. Radiyeta imadzazidwa ndi madzi a pamjigo, a m'dambo, a mumtsinje. Enanso amachotsa themositati poganiza kuti akuthandiza injini, pomwe injini yoyenda yozizira imachulutsa mwaye ndi chinyontho mu oyilo.

Pali choona chimodzi m'maganizo amenewa: madzi okhaokha amanyamula kutentha kuposa glycol, n'chifukwa chake kuthira coolant wosasungunula kumatenthetsa injini m'malo moiziziritsa. Koma madzi a pansi amasiya nsenga zoyera zimene mayi aliyense amaziona m'ketulo, ndipo m'madera ena a m'chigwa cha Shire madzi a m'mijigo ndi amchere ndithu. Nsengazo zimakuta njira za madzi m'mutu wa injini ndi kutseka timapaipi ta radiyeta, dzimbiri n'kumalizitsa. Kuwonjezera apo, madzi amawira msanga kumalo okwera: ku Lilongwe pa madigiri pafupifupi 96, ku Dedza kutsikirapo. Msanganizo wa theka ndi theka umawira cha pa 107 kumalo otsika, ndipo ndi chivundikiro chabwino umapitirira 120. Nthawi yolima ndi Okutobala ndi Novembala, pamene ku Ngabu kumatentha kupitirira madigiri 40 ndipo radiyeta yadzaza mapesi ndi fumbi. Kusiyana kwa madigiri amenewa ndiko kumapulumutsa gasiketi.

Pa oyilo, mbiri yomweyi imalozera njira. Thirakitala yakale ngati MF 135 inapangidwa oyilo wa CI-4 asanalotedwe, ndipo 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4 amaposa chilichonse chimene inamwa ili yatsopano. Zatsopano zochokera ku America ndi ku Ulaya, zopitirira mahosipawa 25, kuyambira cha m'ma 2013 zambiri zili ndi sefa yogwira mwaye muutsi. Sefayi imatsekeka ndi phulusa la mankhwala a mu oyilo, n'chifukwa chake CJ-4 ndi CK-4 amachepetsa phulusa kuti lisapitirire gawo limodzi pa 100, ndipo amayendera limodzi ndi dizilo wa sulufule wochepa. Pali oyilo wina wa 2016, FA-4, wopepuka, wopangidwira malole atsopano. Ameneyu si wa thirakitala yakale. Ndipo oyilo woyezera m'botolo la chakumwa m'mbali mwa msewu, wopanda chidindo kapena chilembo, amabwezera injini ku 1931, nthawi ya maring'i omatirira.

Thirakitala siwerenga makilomita, imawerenga maola. Mabuku ambiri amati oyilo woyamba achotsedwe pa maola 50, pamene tizidutswa ta zitsulo zatsopano tasonkhana, kenako pa maola amene wopanga walemba, pamodzi ndi fyuluta. Kumunda kwa fumbi anzeru amafupikitsa nthawiyo. Coolant wakale amakhetseredwa m'chigubu chotsekeka, osati pabwalo, pakuti glycol amatsekemera ndipo amapha galu, mbuzi kapena mwana amene wamwa.

M'bandakucha wa Okutobala, dzuwa lisanapse, woyendetsa MF 135 wodziwa ntchito amayamba ndi zimene oyendetsa a TE20 ankachita zaka 70 zapitazo. Amasolola dipisitiki, kuipukuta, kuibwezera ndi kuisololanso, kuona ngati oyilo wafika pamzere ndiponso ngati sanayere ngati tiyi wamkaka, chizindikiro chakuti madzi alowa. Amatsegula chivundikiro cha radiyeta injini idakali yozizira, n'kusuzumira ngati madzi akadali ndi utoto wake kapena asanduka ofiira ngati katondo. Amamasula kambale ka pansi pa chosefera mpweya, mmene fumbi la dzulo lakhazikika mu oyilo ngati matope, n'kukatsuka ndi dizilo, kuthira oyilo watsopano mpaka pamzere. Amathothola udzu pa zenera la radiyeta. Akatero amakwera, kutembenuza kiyi, n'kudikira muvi wa oyilo ukwere asanatsitse khasu.